Katemera wa dengue asanafike pakhomo, funsani za maselo a T

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, aphungu a m'komiti yoona zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, ndi akuluakulu a bungwe loona za mankhwala la PMRA,

Landirani moni wanga waulemu.

Ine ndine mmodzi wa anthu amene tinathera unyamata wathu mu labotale ya chipatala, tikuwerenga CD4 m'magazi a abale athu. Masiku amenewo mayi ankati akalandira kapepala ka zotsatira, asanakhale n'komwe pa benchi, ankafunsa kuti, “Adokotala, asilikali anga atsala angati?” Mayiyo sanapondeko ku koleji, koma ankadziwa kuti nambala ikatsika pansi pa 200, chifuwa chachikulu, zilonda za m'kamwa ndi matenda oumitsa khosi zimalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Edzi inatiphunzitsa dzina la asilikaliwa mowawa. Akatswiri amawatcha maselo a T chifukwa amakhwimira m'kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. CD4 ndi mtundu umodzi, ndipo ali ndi mnzake, CD8. Ndikulemba za asilikali omwewa, koma pa nkhondo ina imene sitinaizolowere, ya dengue, matenda otentha thupi ofalitsidwa ndi udzudzu.

Pempho langa ndi ili. Tsiku limene adzabwere munthu ndi chikwama cha mapepala kudzakuuzani kuti nayu katemera wa dengue, musadzakhutire ndi nambala ya ma antibody okha, mapuloteni a m'magazi ogwira tizilombo. Mudzafunse kuti katemerayo amawaphunzitsa chiyani maselo a T, ndiponso kuti anayesedwa pa magazi a yani. Mundilole ndifotokoze chifukwa chake, ngakhale njira yake idutsa ku Cuba, ku Thailand, ku Sri Lanka ndi ku Philippines isanabwerere kuno.

Wina anena kuti dengue ndi matenda a ku Asia ndi ku South America. N'zoona kuti kumeneko ndi kumene akusautsa koposa. Mu 2024 bungwe la WHO linalandira malipoti a odwala oposa 14 miliyoni, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo, ndipo oposa 6 miliyoni anali a ku Brazil kokha. Koma tasuzumirani kwa anansi athu. Ku Pemba, kumpoto kwa Mozambique, mliri wa dengue unabuka mu 1984 ndi 1985, ndipo unabwereranso ku Pemba ndi ku Nampula mu 2014. Ku Dar es Salaam unabuka mu 2014, kenako mu 2019, pamene Tanzania inawerenga odwala oposa 6,000. Ku Burkina Faso mu 2023 anthu oposa 700 anamwalira nawo. Amalonda athu amawoloka pa Songwe sabata ndi sabata kukatenga kaunjika, magalimoto ndi matayala ku Dar, ndipo sitima ya ku Nacala imalowera pa Nayuchi. Udzudzu umene umafalitsa matendawa, Aedes aegypti, wa timizere toyera m'miyendo, kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa. Suli ngati wa malungo umene timautchinga ndi neti usiku. Uwu umaluma kukuwala, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo umaswana m'madzi a m'migolo, m'zidebe ndi m'matayala otayidwa. Mazira ake amapirira miyezi ali gwaa pouma. Tauni iliyonse imene amayi amasunga madzi m'migolo chifukwa mipopi yauma, yauyalira kale mphasa udzudzu umenewu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Vuto la dengue ndi loti si kachilombo kamodzi. Ndi tizilombo tinayi tapachibale, timene timangotchulidwa kuti DENV-1, 2, 3 ndi 4. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Albert Sabin, yemwe uja wa katemera wa poliyo wodontheza m'kamwa, anaonetsa kuti munthu akadwala mtundu umodzi amatetezeka ku mtunduwo kwa nthawi yaitali, koma ku mitundu ina chitetezocho chimakhala cha kanthawi chabe. Choopsa chinadziwika pambuyo pake: kudwala kachiwiri ndi mtundu wina ndi kumene kumapha kwambiri. Ku Cuba mtundu woyamba unadutsa mu 1977, anthu ambirimbiri anadwala n'kuchira. Mu 1981 kunabwera mtundu wachiwiri, ndipo anthu 158 anamwalira, 101 mwa iwo ana. Mu 1997 mtundu wachiwiri womwewo utafika ku Santiago de Cuba, amene anadwala mwakayakaya anali akuluakulu amene thupi lawo linali likukumbukirabe matenda a zaka 20 zapitazo.

Ndipo imfa yake ndi yobisalira. Kutentha thupi kukayamba kutsika, pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, pamene mayi akuti mwana wayamba kupeza bwino, timitsempha ta magazi timayamba kuchucha madzi ake kulowa m'mimba ndi m'chifuwa. Magazi amakhuthala, mwana amazizira manja ndi mapazi, amakomoka. Mankhwala opha kachilomboka palibe. Chimene chimapulumutsa ndi namwino watcheru ndi diripi yoikidwa pa nthawi yake, pa mlingo wake.

N'chifukwa chiyani thupi limene linaonapo mdani likhale lofooka kuposa thupi losadziwa kanthu? Yankho loyamba linachokera kwa Scott Halstead m'zaka za m'ma 1970. Ma antibody ndi mapuloteni amene amayandama m'magazi n'kumamatira pa chovala cha kunja cha kachilombo. Akamamatira zolimba ndi mochuluka, kachilombo kamathera pomwepo. Koma ma antibody opangidwira mtundu woyamba akakumana ndi mtundu wachiwiri, amagwira mosalimba. Sakupha, koma sakutayanso. Ndiye maselo ena a m'magazi amene ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chogwidwa ndi antibody amakameza kali kamoyo, ndipo m'kati mwa maselo amenewo ndi momwe dengue imaswana bwino. Zili ngati mlonda amene wagwira mbala pa malaya n'kuitsekera m'nkhokwe. Umboni wake womvetsa chisoni unaoneka pa makanda a ku Bangkok. Khanda la mayi amene anadwalapo dengue limabadwa ndi ma antibody a mayi ake ndipo limatetezeka miyezi yoyamba. Likafika miyezi 6 mpaka 9, ma antibody aja atachepa koma asanatheretu, likalumidwa koyamba limatha kudwala moopsa ngati munthu wodwala kachiwiri. Mu 2017 kafukufuku amene anatsata ana zikwi zingapo ku Managua, ku Nicaragua, kwa zaka 12 anatsimikiza zomwezo: amene anali pa ngozi yaikulu sanali opanda ma antibody, sanalinso okhala nawo ambiri, koma apakatikati.

Gwiritsitsani nkhani ya makandayi, akuluakulu anga. Mayi amapatsira mwana ma antibody kudzera mu nsengwa, koma maselo ake a T okumbukira matendawo sapatsira. Khanda lija lili ndi ma antibody otha mphamvu, lilibe maselo a T odziwa dengue. Tidzakumana nachonso chithunzi chimenechi.

Maselo a T amagwira ntchito mwanjira ina. Iwo sathamangitsa kachilombo koyandama m'magazi, amafufuza nyumba zimene kalowamo. Selo lililonse la m'thupi limadula tizidutswa ta mapuloteni amene akupangidwa m'kati mwake n'kutiyika kunja, pa timbale totchedwa HLA. Kwathu kuno pakagwa zovuta timayala masamba pamsewu kuti wodutsa adziwe kuti pano si pabwino. Selo logwidwa ndi kachilombo limachita chimodzimodzi. CD8 ikadutsa n'kuzindikira kachidutswa kachilendo, imapha selolo kachilombo kasanamalize kuswana. CD4 ndiye kapitawo: imaitana ena, imathandiza maselo opanga ma antibody kuti apange abwino ndi okhalitsa, ndipo pa dengue zinapezeka kuti ma CD4 ena amaphanso okha.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kachilombo ka dengue kali ndi mapuloteni 10. Atatu ndi omangira thupi lake, ndipo mwa amenewa chovala cha kunja, chotchedwa E, ndi chimene ma antibody amaona kwambiri. Asanu ndi awiri enawo, oyamba ndi zilembo NS, ndi zipangizo zimene kachilombo kamagwiritsa ntchito kakalowa m'selo kuti kadzichulukitse. Ma CD8 a munthu amene anadwalapo dengue amazindikira kwambiri zipangizo zimenezi, makamaka NS3, NS4B ndi NS5. Ndipo abale anayi aja amasiyana kwambiri zovala, koma zipangizo zawo za ntchito n'zofanana m'malo ambiri, chifukwa kachilombo kakasintha kwambiri chipangizo sikangathenso kuswana. Ndiye kuti msilikali amene anaphunzira kuzindikira NS3 ya mtundu woyamba ali ndi mwayi wozindikiranso ya mtundu wachitatu.

Sikuti akatswiri anagwirizana pa zimenezi kuyambira pachiyambi. Mu 2003 gulu la Juthathip Mongkolsapaya ndi Gavin Screaton linayeza magazi a ana odwala ku Thailand n'kupeza kuti maselo a T amene anadzuka pa kudwala kwachiwiri ambiri anali ophunzira pa mtundu wakale, ogwira mtundu watsopanowo mofooka. Ganizo linakula loti asilikali akalewa amafika ndi phokoso lambiri, kutulutsa mankhwala otupitsa amene amachuchitsa mitsempha, koma osapha mdani. Kwa zaka pafupifupi khumi maselo a T anali m'bokosi la woimbidwa mlandu.

Umboni wowaikira kumbuyo unabwera pang'onopang'ono. Ku Ho Chi Minh City, ku Vietnam, ofufuza anayeza ana tsiku ndi tsiku ndipo mu 2010 anaonetsa kuti ma CD8 odzuka ankaoneka m'magazi mitsempha itayamba kale kuchucha. Wofika nyumba itayaka kale n'kovuta kumunena kuti ndiye wabutsa moto. Ku La Jolla, ku California, Sujan Shresta ndi anzake anachotsa ma CD8 mu mbewa zoyesera, tizilombo tinachuluka. Atawasiya, ankateteza mbewazo ngakhale pamene ma antibody ofooka aja analipo. Mu 2013 Daniela Weiskopf ndi Alessandro Sette anayeza magazi a anthu opereka magazi ku Colombo, ku Sri Lanka, kumene dengue ili ponseponse. Anapeza kuti anthu amene ali ndi mitundu ya HLA yodziwika kale kuti eni ake sadwala moopsa kawirikawiri ndi amene ma CD8 awo ankayankha mwamphamvu kwambiri. Kuyankha mofooka ndi kumene kunkayenda ndi mitundu ya HLA ya anthu odwala moopsa. Mu 2015 magulu awiri, lina ku Berkeley lina ku Queensland, anaonetsanso kuti puloteni ya kachilombo komweko, NS1, payokha imatha kuboola mpanda wa mitsempha. Sindikunena kuti maselo a T sapsereza konse. Chitetezo chilichonse chikapyola muyezo chimavulaza mwini wake. Koma nditawerenga zonsezi ndili wokhutira kuti thupi limene lakumana ndi dengue lili ndi ma antibody apakatikati, popanda maselo a T odziwa zipangizo za m'kati, ndilo lili pamalo oipitsitsa.

Tsopano onani mmene katemera woyamba anapangidwira. Kampani ya Sanofi Pasteur inatenga kachilombo kofooketsedwa ka katemera wa yellow fever, kotchedwa 17D, n'kukaveka zovala za mitundu inayi ya dengue. Kunja dengue, m'kati yellow fever. Zipangizo zonse zisanu ndi ziwiri za NS zinali za yellow fever. Thupi linkapanga ma antibody a dengue, ndipo poyeza mu labotale manambala ankaoneka osangalatsa pa mitundu yonse inayi. Koma ma CD8 ankaphunzira zipangizo za kachilombo kena. Katemerayu, Dengvaxia, anavomerezedwa koyamba ku Mexico mu December 2015. Chizindikiro cha ngozi chinalipo kale: m'chaka chachitatu cha kafukufuku, ana a zaka 2 mpaka 5 amene anabayidwa ankagonekedwa m'chipatala ndi dengue kuposa anzawo osabayidwa. Chimene chinachitika n'kungokweza msinkhu kuti aziyambira zaka 9. Halstead ndi ena anachenjeza kuti vuto si msinkhu, koma ngati mwanayo anadwalapo dengue kapena ayi.

Boma la Philippines linayamba kubaya ana asukulu mu April 2016, ndipo anabayidwa oposa 800,000. Pa 29 November 2017 kampaniyo inalengeza kuti kwa ana amene anali asanadwalepo dengue, katemerayu ankawonjezera mwayi wodwala moopsa akadzalumidwa. M'matupi a ana amenewo katemera anali ngati kudwala koyamba, ndipo kulumidwa kwenikweni kunasanduka kudwala kwachiwiri kuja. Ntchito inaimitsidwa, milandu inayamba, makolo anachita mantha. Kafukufuku wa maganizo a anthu anapeza kuti amene ankavomereza ndi mtima wonse kuti katemera ndi wofunika anatsika kuchoka pa 93 pa 100 alionse mu 2015 kufika pa 32 mu 2018. Amayi anayamba kubisa ana ngakhale kwa katemera wa chikuku, ndipo mu 2019 chikuku chinapha anthu mazanamazana m'dzikomo. Ichi ndi chimene chimandisowetsa tulo. Ife tinaona mmene mphekesera zinavutira pa katemera wa Covid-19. Chikhulupiriro chimene azaumoyo a m'midzi anachimanga kwa zaka zambiri, akupalasa njinga ndi kabokosi ka katemera kumbuyo, chingagwe ndi cholakwa chimodzi.

Ndinene mwachilungamo. Kwa ana amene anali atadwalapo dengue, Dengvaxia inkateteza ndithu, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 WHO inalangiza kuti munthu aziyezedwa kaye magazi asanabayidwe. Palinso chifukwa china chimene akatswiri amapereka: mwa tizilombo tinayi ta m'botolo, ka mtundu wachinayi ndi kamene kankaswana bwino m'thupi, kotero chitetezo chinkapendekera mbali imodzi. Zifukwa ziwirizi sizikutsutsana. Zonse zikunena kuti nambala ya ma antibody imene aliyense anaikhulupirira sinafotokoze nkhani yonse. Ndipo mwana wosadwalapo uja, wokhala ndi ma antibody omwe akutha mphamvu koma wopanda ma CD8 odziwa dengue, akufanana kwambiri ndi khanda la ku Bangkok.

Akatemera awiri amene anatsatira anamangidwa pa maziko a dengue yeniyeni. Qdenga, wa kampani ya Takeda, thunthu lake ndi kachilombo kofooketsedwa ka mtundu wachiwiri, kamene kanayambira pa yunivesite ya Mahidol ku Thailand. Mitundu itatu inayo ndi zovala zovekedwa pa thunthu lomwelo. Choncho thupi limaona zipangizo za NS za dengue, koma za mtundu umodzi. Anayesedwa pa ana pafupifupi 20,000 a zaka 4 mpaka 16. Patatha zaka zinayi ndi theka, anachepetsa kudwala ndi 61 pa 100 alionse, ndipo kugonekedwa m'chipatala ndi 84 pa 100 alionse. Ndi nambala zabwino. Koma tazigawani: chitetezo champhamvu chinali pa mtundu wachiwiri, mwini thunthu. Kwa ana amene anali asanadwalepo, pa mtundu wachitatu chitetezo sichinaoneke, ndipo odwala mtundu wachinayi anali ochepa kwambiri moti sakanatha kuweruzirapo. N'chifukwa chake WHO inamuvomereza kwa ana a zaka 6 mpaka 16 m'madera okhawo amene dengue ndi yochuluka, monga kumene ana oposa 60 pa 100 alionse amakhala atakumana nayo kale pofika zaka 9. Brazil inayamba kubaya ana ake mu February 2024. Kumbukirani mtundu umene unabuka ku Pemba mu 1984: unali wachitatu.

Katemera winayo anachokera ku bungwe lofufuza zaumoyo la NIH ku America, kwa Stephen Whitehead ndi anzake, ndipo anamalizidwa ndi Instituto Butantan ku São Paulo. M'botolo lake mitundu itatu ndi tizilombo tathunthu tofooketsedwa, tili ndi zipangizo zake zonse. Wachiwiri yekha ndi amene anabwereka thunthu la wachinayi. Gulu la Weiskopf linapeza kuti ma CD8 a anthu obayidwa katemerayu ankalunjika pa tizidutswa ta NS timene mitundu inayi imagawana, monga amachitira a munthu amene anadwalapo kangapo. M'kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anthu odzipereka anabayidwa kenako n'kupatsidwa dala kachilombo kofooka ka mtundu wachiwiri: onse 21 obayidwa anatetezeka, onse 20 osabayidwa kachilombo kanaoneka m'magazi mwawo. Ku Brazil anayesedwa pa anthu oposa 16,000, jakisoni mmodzi yekha, ndipo pa zaka ziwiri anateteza pafupifupi 80 pa 100 alionse. Koma pa nthawi yonseyo mtundu wachitatu ndi wachinayi sunapezeke pakati pa odwalawo. Apanso mbali ziwiri za nyumba sizinayesedwe ndi mphepo.

Mwina mufunsa kuti ngati maselo a T ali ofunika chotere, bwanji makampani samawayeza pa aliyense? Yankho ndikulidziwa ndi manja anga. Kuyeza ma antibody kumangofuna madzi a magazi, amene mungawaumitse mufiriji n'kuwaiwala zaka. Maselo a T ndi amoyo. Muyenera kuwalekanitsa ndi magazi m'maola ochepa, kuwaziziritsa pang'onopang'ono, kuwasunga mu nitrogen wamadzimadzi, kenako kuwadzutsa n'kuwaonetsa tizidutswa ta kachilombo kuti muwerenge angati ayankha. Magetsi akazima kapena galimoto ikachedwa, ntchito yonse yapita m'madzi. Ndiye m'kafukufuku wa anthu 20,000, maselo a T amayezedwa pa kagulu kochepa chabe. Chosavuta kuyeza ndi chimene chimalowa m'mapepala, ndipo cholowa m'mapepala ndi chimene chimafika pa tebulo lanu.

Tsono funso lachiwiri lija: magazi a yani? Mayiko asanu ndi atatu amene Qdenga anayesedwa m'kafukufuku wamkulu uja ndi Brazil, Colombia, Dominican Republic, Nicaragua, Panama, Philippines, Sri Lanka ndi Thailand. Mulibe dziko la mu Africa. Pa nkhani ya maselo a T chimenechi si chaching'ono, chifukwa timbale ta HLA tija timayendera mtundu. Mbale ya munthu wina imanyamula bwino kachidutswa kamene mbale ya mnzake singanyamule, ndipo anthu a mu Africa ndi amene amasiyana chibadwa pakati pawo kuposa anthu a kwina kulikonse. Zimene taphunzira za tizidutswa timene ma CD8 amaona zinachokera makamaka ku Colombo, Managua ndi Bangkok. Ife tinaonapo kale katemera akugwira mosiyana kuno. Katemera wa rotavirus atayesedwa nthawi imodzi ku South Africa ndi ku Malawi, zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti kumeneko anateteza 77 pa 100 alionse ku kutsegula m'mimba koopsa, kuno 49. Tinamulandirabe mu 2012, ndipo tinachita bwino, chifukwa matendawo anali ochuluka kuno moti ana opulumuka anali ambiri. Koma tinasankha tikudziwa nambala yathu.

Mudzamvanso ena akunena kuti anthu akuda sadwala dengue moopsa. Zili ndi pochokera: ku Cuba ndi ku Haiti ofufuza anaona kuti anthu a makolo ochokera ku Africa ankadwala moopsa mocheperako. Koma manda a ku Ouagadougou ndi Bobo-Dioulasso, ku Burkina Faso, a mu 2023 akutiletsa kugona pa mawu amenewo.

Ndiye pali amayi aja a kapepala ka CD4. Akatemera onse a dengue amene ndatchulawa ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa. Chimene chimatigwira kuti tisachuluke m'thupi ndi chitetezo cha wobayidwayo, ndipo maselo a T ali pakati pa ntchitoyo. Malangizo a Qdenga amaletsa kubaya amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika, kuphatikizapo amene ali ndi HIV ndipo asilikali awo achepa. M'dziko limene anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi HIV, ena mwa iwo achinyamata asukulu amene anabadwa nayo ndipo anzawo sadziwa, kubaya kalasi yonse pa mzere kumafuna kulingalira mofatsa. Mwana amene akumwa ma ARV mokhulupirika, CD4 yake ili bwino, abayidwe kapena ayi? Ndani adzamufunse mwamseri osamuchititsa manyazi? Mafunso amenewa sadzayankhidwa ku Osaka kwa a Takeda kapena ku Geneva kwa a WHO ngati ife sitiwafunsa.

Chaka china mlamu wanga anabwera kuchokera ku Dar thupi lili moto, mutu ukuwawa kuseri kwa maso, mafupa ngati amenyedwa ndi musi. Pa kachipatala kena anamuyeza malungo kawiri, sanapezeke. Anamupatsabe LA, n'kumuwonjezera bulufeni wa ululu. Nditamva ndinathamanga kukamulanda bulufeniyo n'kumusiyira panado, chifukwa ngati ndi dengue, bulufeni ndi asipulini zimawonjezera kutaya magazi. Anachira. M'buku la pachipatalapo analembedwa kuti malungo. Sindikumuimba mlandu wachipatalayo, analibe choyezera china. Koma odwala otere akalembedwa malungo onse, ndiye kuti pa mapu a dziko lapansi dera lathu limaoneka loyera, ndipo palibe amene adzabwere kudzayesa katemera kumene mapu akuti kulibe matenda. Mu 2024 bungwe la Gavi, limene limatigulira akatemera ambiri, linaika dengue pa mndandanda wa akatemera amene lingadzathandizire, koma podikira umboni wa kukula kwa matendawa mu Africa. Umboniwo ndi ife oti tiupereke.

Ndipo manja ake tili nawo. Dziko lino ndi limene linayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu April 2019. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ana oposa 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi kuyambira mu 2018, ndipo zotsatira zake zinathandiza Africa yonse. Ku Blantyre, pa KUHeS ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, ndiponso ku Lilongwe ndi ku Karonga, kuli achinyamata amene amalekanitsa ndi kusunga maselo a T mwaluso chifukwa cha ntchito ya HIV ndi chifuwa chachikulu. Ndikukupemphani, Olemekezeka, kuti zipatala za ku Karonga, Mangochi, Machinga, Mwanza ndi za m'mizinda ikuluikulu zikhale ndi tizipangizo toyezera NS1, puloteni ya dengue ija, kuti munthu wotentha thupi amene alibe malungo ayezedwe asanapatsidwe LA, ndipo amene apezeka nayo magazi ake apite kukaona kuti ndi mtundu uti mwa inayi ija. Tumani ofufuza athu kuti ayeze ana a zaka 9 m'maboma a m'malire ndi m'mphepete mwa nyanja, tidziwe ngati tili pafupi kapena kutali ndi 60 uja. Ngati tili kutali, musalandire katemera chifukwa choti ndi waulere. Safunsa anadya phula. Ndipo kampani iliyonse imene idzafune chilolezo cha PMRA idzaonetse zotsatira zogawidwa pa mtundu uliwonse wa kachilombo, padera za ana amene anadwalapo ndi padera za osadwalapo, pamodzi ndi zimene maselo a T anachita. Ikadzafuna kuyesa katemera wake pa ana athu, pangano lidzanene kuti gawo la maselo otengedwawo lidzayezedwa konkuno ndi ana athu a mu labotale, ndipo mitundu ya HLA ya anthu athu idzalembedwa pambali pa zotsatira.

Pa ndalama za chaka chamawa, yambani ndi zoyezera NS1 pa Songwe ndi pa Nayuchi mvula isanagwe, pamodzi ndi kalata kwa azachipatala onse yoti wotentha thupi wopanda malungo amene wachokera ku Dar kapena ku Nampula asapatsidwe bulufeni kapena asipulini.

Ine wanu mwaulemu,
Wogwira ntchito mu labotale ya chipatala, wopuma